Musanawonjezere Mphamvu pa Pikapu Yanu, Tsatani Ndondomeko Iyi

Eni mapikapu amandifunsa funso limodzimodzi mobwerezabwereza: "Ndiikemo chiyani kuti galimoto yanga izikoka bwino?" Wina amafuna kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini, wina turbo yaikulu, wina wamva kuti ekizozi yotakasuka imasintha zonse. Ndaganiza zolemba yankho lonse pamalo amodzi. Ndikunena makamaka za mapikapu a dizilo okhala ndi turbo, monga Toyota Hilux, Ford Ranger, Isuzu D-Max, Nissan Navara ndi Mitsubishi Triton, ngakhale zambiri zikugwiranso ntchito pa a petulo.

Kuwonjezera mphamvu pa injini ya dizilo ya masiku ano sikuvuta. Munthu wodziwa ntchito yake amachita zimenezi ndi laputopu tsiku limodzi. Chovuta n'chakuti mphamvuyo idutse mu klachi, giyabokosi, shafti ndi difu mpaka ifike kumatayala osathyola kanthu, komanso kuti kutentha komwe imabweretsa kukhale ndi potulukira. Walira mvula walira matope. N'chifukwa chake pandondomekoyi kusintha pulogalamu kuli chakumapeto.

1. Lembani chenicheni chomwe galimotoyo ikulephera

"Ndikufuna mphamvu" si yankho. Tengani pepala mulembe vutolo monga momwe mumalionera pamsewu. Kodi imafooka pachitunda ikamakoka ngolo? Kodi imachedwa mukamadutsa galimoto ina? Kapena inayamba ulesi mutangoika matayala aakulu? Mavuto atatuwa ali ndi mankhwala osiyana, ndipo lachitatulo nthawi zambiri silikhudza injini n'komwe.

Apa muyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Torque ndi mphamvu yopotokola yomwe injini imapereka, ndipo imayezedwa mu Nm. Imeneyi ndi yomwe imadzutsa katundu wolemera. Mphamvu ya kW, yomwe ena amaiwerengera mu horsepower, imachokera ku torque yomweyo ndi liwiro lomwe injini ikuzungulira: chulukitsani Nm ndi rpm (maulendo omwe injini imazungulira pa mphindi imodzi), kenako gawani ndi 9549. Injini yopereka 450 Nm pa 2000 rpm ikutulutsa pafupifupi 94 kW pa nthawiyo. Pikapu yogwira ntchito imakhalitsa pakati pa 1600 ndi 2800 rpm, choncho nambala yaikulu yomwe imaoneka pa 3800 rpm sikuthandizani kwenikweni.

Ikweretseninso galimotoyo pa sikelo ili ndi zonse zomwe mumayenda nazo. Bampala yachitsulo, kanope, batire yachiwiri, mabokosi a zida, zonsezi zikaphatikizana zimafika makilogalamu mazana angapo. Yerekezerani ndi GVM, kulemera konse komwe kampani inaloleza, komwe kwalembedwa pa kachitsulo ka pakhomo kapena mu bonati. Ngati mwapyola kale, mphamvu yowonjezera siichotsa vutolo.

2. Yambani mwabweza mphamvu yomwe inatayika

Mapikapu ambiri omwe eni ake amati ndi aulesi sakupereka ngakhale mphamvu yomwe anatuluka nayo kufakitale. Sinthani fyuluta ya mpweya ndi ya mafuta. Unikani mapaipi onse ochokera ku turbo kupita ku intercooler (choziziritsira mpweya wa turbo) ndi ku injini: mukaona oyilo wachita chinyezi pomangira paipi, dziwani kuti mpweya ukuthawira pamenepo. Uzani makaniko atsegule njira yolowera mpweya ku injini, chifukwa mwaye wochokera ku EGR, njira yobwezera utsi wina mu injini, ukasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo umamata m'katimo mpaka njirayo kuchepa. Onaninso ngati mabuleki sakugwira okha.

Kenako pali mayeso awiri omwe simuyenera kuwalumpha. Oyamba ndi a compression, oonetsa ngati masilinda onse akupanikiza mpweya mofanana. Achiwiri ndi a ma injector, omwe amapemerera mafuta m'masilinda. Injini za common rail, zomwe ma injector ake onse amalandira mafuta kuchokera ku paipi imodzi yotchedwa rail, zimapopa mafuta pa mphamvu ya 1600 mpaka kupitirira 2000 bar, ndipo injector yomwe yayamba kudontha m'malo mopemerera mafuta ngati nkhungu imatenthetsa malo amodzi pamutu pa pisitoni mpaka pisitoniyo kung'aluka. Mukawonjezera mafuta pa injector yotere, mwafulumizitsa ngoziyo. Makina owerengera kompyuta ya galimoto, olumikizidwa pa soketi ya OBD, amaonetsa mmene kompyutayo ikuvutikira kulinganiza silinda iliyonse.

Ambiri akamaliza gawo ili amapeza kuti galimoto yawo ikukoka mokwanira, n'kusiyira pomwepo. Palibe cholakwika.

3. Yezani pomwe muli, ndipo ikani mageji

Popanda muyezo woyambira simungadziwe ngati zomwe mwasintha zathandiza. Khutu limanyenga: galimoto ikayamba kulira mokweza, mwini wake amakhulupirira kuti yawonjezera liwiro. Njira yabwino ndi dyno, makina omwe galimoto imakwerapo n'kumazunguza matayala ili pamalo amodzi. Nambala ya pa dyno imakhala yotsika kuposa ya m'buku la kampani chifukwa mphamvu ina imathera m'magiya ndi m'matayala, ndipo ma dyno awiri sapereka nambala zofanana. Gwiritsani ntchito dyno imodzimodzi poyamba ndi pomaliza.

Ngati dyno palibe, sankhani msewu wowongoka wopanda magalimoto ambiri, ikani giya yachinayi, wina akuwerengereni masekondi kuchoka pa 60 kufika pa 100 km/h. Katundu akhale yemweyo nthawi zonse.

Mageji ofunika ndi atatu: ya EGT yoonetsa kutentha kwa utsi wotuluka mu injini, ya boost yoonetsa mphamvu ya mpweya wa turbo, ndipo ngati galimoto ndi ya otomatiki, ya kutentha kwa oyilo wa giyabokosi. Muike magejiwa injini isanasinthidwe kuti mudziwe manambala ake a masiku onse.

4. Pezani malire a klachi, giyabokosi ndi zonse za pansi

Apa ndi pomwe malangizo ambiri amangodutsa, koma ndi pomwe pamathera ndalama zambiri zinthu zikavuta. Musafulumire.

Tiyambe ndi chitsanzo chochokera kwa opanga galimoto eni ake. Mu 2020 Toyota inakweza mphamvu ya injini ya 2.8 ya dizilo ya Hilux, yotchedwa 1GD-FTV, kufika 150 kW. Pa galimoto ya otomatiki inaloleza 500 Nm, koma pa ya magiya apamanja inasiya 420 Nm. Injini ndi yomweyo. Zikuonetseratu kuti injiniyo ikanatha kupereka zambiri, koma akatswiri a kampaniyo anaika malire poyang'ana zomwe zili kumbuyo kwake. Munthu akakulonjezani 550 Nm pa galimoto yotere, funso loyamba likhale lakuti ndi chiyani chomwe chidzanyamule torque imeneyo.

Jambulani papepala njira yomwe mphamvu imadutsa: flywheel (chitsulo chozungulira cholemera cha kumbuyo kwa injini), klachi kapena torque converter (yomwe imalowa m'malo mwa klachi pa otomatiki), giyabokosi, transfer case (yogawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) ngati ndi 4x4, shafti yaitali ya pansi ndi mfundo zake, difu, ma axle ndi ma CV joint (mfundo zopindika za pa ma axle), kenako tayala. Pambali pa chilichonse lembani zinthu zitatu: chayenda makilomita angati, chili bwanji pakali pano, ndipo chinapangidwira torque yochuluka bwanji.

Chachitatucho ndiye chovuta kupeza. Yambani ndi nambala ya mtundu wa giyabokosi, yomwe imakhala pa kachitsulo ka galimoto kapena pa giyabokosi penipenipo. Makampani ena amasonyeza malirewo m'dzina momwe. Magiyabokosi a otomatiki a kampani ya ZF okhala ndi magiya 8, omwe amapezeka mu Volkswagen Amarok yoyambirira ndi Ram 1500, ndi chitsanzo: 8HP45 inapangidwira pafupifupi 450 Nm, pomwe 8HP70 ndi pafupifupi 700 Nm. Dzina likapanda kukuuzani, fufuzani galimoto yamphamvu kwambiri yomwe kampaniyo inaikamo giyabokosi yomweyo. Torque ya galimoto imeneyo ndi yomwe mungaikhulupirire. Mukalephera kupeza zonsezi, uphungu wanga ndi wakuti musawonjezere kupyola 10 kapena 15 peresenti ya torque ya kufakitale.

Tsopano werengerani mmene magiya amachulukitsira torque, chifukwa anthu ambiri sazindikira kukula kwake. Tiyerekeze kuti ratio (mlingo wochulukitsira torque) ya giya yoyamba ndi 4.8, ya low range, giya yotsika ya transfer case, ndi 2.5, ya difu ndi 3.6. Mukachulukitsa zitatuzi mupeza 43.2. Ndiye kuti 420 Nm ya injini ikhoza kufika kuma axle ili pafupifupi 18,000 Nm, ndipo 80 Nm yomwe mwawonjezera, yooneka yochepa pa pepala la dyno, imasanduka pafupifupi 3,500 Nm yowonjezera kumeneko. Nthawi zambiri tayala limayamba kuterereka izi zisanafike, n'kupulumutsa zitsulo. Ngozi imabwera tayala lomwe limazungulira m'malere kapena m'matope likagwira mwala mwadzidzidzi phazi lili pansi. CV joint kapena axle imaduka nthawi yomweyo. Ngati munakweza galimoto ndi lift kit, ma CV joint akugwira kale ntchito atapendekeka kuposa momwe anapangidwira, ndipo malire ake atsika.

Pa galimoto ya magiya apamanja, choyamba kugonja ndi klachi. Yeseni motere: pamsewu wokwera pang'ono, ikani giya yapamwamba injini ili cha pa 1800 rpm, pondani mafuta mpaka pansi. Ngati muvi wa rpm ukukwera koma liwiro silikutsatira, klachi yayamba kuterereka, ndipo siingapirire chowonjezera chilichonse. Posankha ina, pewani ya mipikisano yokhala ndi zigamba za ceramic. Imagwira mwankhanza, imagwedeza galimoto ponyamuka, ndipo kubwerera m'mbuyo ndi ngolo kumakhala chintchito. Yoyenera pikapu yantchito ndi ya heavy duty wamba yokhala ndi pressure plate yolimba. Mukatsegula pamenepo unikaninso flywheel. Mapikapu ambiri atsopano ali ndi dual mass flywheel, ya zidutswa ziwiri zolumikizidwa ndi masipuling'i omwe amameza kugunda kwa injini ya dizilo. Torque yambiri pa rpm yotsika imatopetsa masipuling'i amenewa. Ena amaisintha n'kuika flywheel ya chitsulo chimodzi, yomwe ndi yolimba, koma kugunda konse kuja kumapita ku giyabokosi, ndipo mudzakumva kulira kwake.

Mvetsani bwino mfundo iyi: klachi yoterereka imateteza giyabokosi. Mukaika yolimba, malo ofooka mwangowasunthira kumbuyo, ku chinthu chodula kwambiri. Magiya omwe amavutika kwambiri ndi apamwamba aja, achisanu ndi achisanu ndi chimodzi, makamaka mukamakoka katundu injini ikuzungulira pang'onopang'ono. Pokoka ngolo yolemera gwiritsani ntchito giya yomwe ratio yake ndi 1:1, pomwe mphamvu imadutsa mowongoka. M'magiyabokosi ambiri a magiya asanu imeneyi ndi yachinayi. Buku la galimoto likuuzani yanu.

Pa otomatiki mdani ndi kutentha. Oyilo wake amagwira bwino ntchito cha pa madigiri 80 mpaka 95, ndipo akamakhalitsa kupyola 120 amawonongeka msanga. Torque converter ikamaterereka pachitunda imatulutsa kutentha kochuluka. Funsaninso ngati kompyuta ya giyabokosi idzadziwa za torque yatsopanoyo. Imawerengera mphamvu yomangira ma klachi ake a m'kati potengera nambala yomwe kompyuta ya injini yaiuza. Ikauzidwa nambala yotsika pomwe injini ikupereka yochuluka, ma klachiwo amaterereka mwakachetechete kwa miyezi, inu osadziwa.

Mukamaliza zonsezi, pepala lanu likhala ndi nambala imodzi yotsika kuposa zonse. Imeneyo ndiyo malire a galimoto yanu. Muli ndi zosankha ziwiri: kukhala pansi pa nambalayo, kapena kuyamba mwalimbitsa chinthu chimenecho.

5. Ngati munakulitsa matayala, konzani ratio ya difu

Kukula kwa tayala kumawerengedwa kuchokera pa manambala a m'mbali mwake. Pa 265/65R17, tengani 265 muchulukitse ndi 0.65, muchulukitsenso ndi 2, muwonjezere 17 wochulukitsidwa ndi 25.4. Mupeza pafupifupi mamilimita 776. Tayala la 285/70R17 limatuluka pafupifupi 831. Kusiyana kwake ndi 7 peresenti. Mphamvu yokankhira galimoto pa giya iliyonse yatsika ndi mlingo womwewo, ndipo sipidomita ikamaonetsa 100 mukuthamanga cha pa 107, kupatula kaphophonyedwe komwe inali nako kale.

Kuti mubweze zomwe munataya, wonjezerani ratio ya difu yanu ndi 7 peresenti yomweyo, ndiye kuti muichulukitse ndi 1.07. Ngati inali 3.9, mukufuna pafupifupi 4.17, ndiye musankhe yomwe ikupezeka pafupi ndi pamenepo, monga 4.1 kapena 4.3. Wokoka katundu asankhe yapamwambayo. Ubwino wa njira iyi ndi woti imapeputsa ntchito ya klachi ndi giyabokosi, pomwe kusintha pulogalamu kumaiwonjezera. Pa 4x4 madifu onse awiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, ayenera kukhala ndi ratio imodzi, apo ayi transfer case iwonongeka mukangoika 4x4. Ntchitoyi mupatse munthu wodziwa kulinganiza mano a difu. Akalakwitsa pang'ono, difu imalira ndi kutha msanga.

6. Konzani potulukira kutentha

Dizilo akawonjezeredwa popanda mpweya wokwanira, EGT imakwera. Mapisitoni ambiri ndi a aluminiyamu, chitsulo chomwe chimasungunuka cha pa madigiri 660, ndipo amapulumuka chifukwa oyilo amawaziziritsa kunsi komanso mpweya watsopano umalowa nthawi ndi nthawi. Ngati geji yanu ikuyeza utsi usanalowe mu turbo, musalole kuti ikhalitse kupyola cha pa madigiri 700. Ikakhala kumbuyo kwa turbo imaonetsa nambala yotsika, mwina ndi madigiri 100 mpaka 200, choncho dziwani pomwe yanu yaikidwa. EGT ikakwera pachitunda, tsitsani giya kuti injini izungulire mwachangu n'kukoka mpweya wambiri, kapena pepukitsani phazi.

Turbo ikapanikiza mpweya umatentha, ndipo mpweya wotentha umakhala ndi okosijeni wochepa pa malo omwewo. Ntchito ya intercooler ndi kuuziziritsa. Musanagule yaikulu, tsukani yomwe ilipo, ndipo muone ngati nyale ndi bampala zomwe munaika kutsogolo sizikutchinga mphepo. Ladiyeta yakale yotsekeka m'kati muisinthe. Pa otomatiki yokoka katundu, ikani cooler yowonjezera ya oyilo wa giyabokosi.

Pa fyuluta ya mpweya ndimaumirira: siyani ya pepala ya kufakitale. Zija zopaka oyilo zimalowetsa mpweya wochulukirapo pang'ono, koma zikapakidwa oyilo wambiri zimadetsa sensa yoyeza mpweya, ndipo pamsewu wafumbi phindu lake silingafanane ndi kuopsa kwa fumbi lolowa m'masilinda. Za kuchotsa DPF (fyuluta yogwira mwaye wa mu utsi) ndi EGR: m'mayiko ambiri ndi mlandu pa galimoto yoyenda pamsewu, ndipo utsi womwe umatulukawo amaupuma ndi anthu. DPF ikamatsekeka pafupipafupi, fufuzani chomwe chikuchititsa, monga injector yodontha kapena maulendo afupiafupi okhaokha.

7. Mabuleki

Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yomwe mabuleki ayenera kuimeza imawirikiza kanayi, ndipo matayala aakulu amawalemetsanso ntchito. Ikani ma pad abwino, unikani ma disc, sinthani mafuta a mabuleki. Mafuta a DOT 4 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa chinyezi akhoza kuwira cha pa 155. Gawo ili lichitike injini isanakhudzidwe.

8. Uzani a inshulansi, ganizirani warranty

Kusintha pulogalamu kukhoza kuthetsa warranty ya injini ndi giyabokosi, ndipo makampani ambiri amatha kuzindikira ngakhale mutabwezeretsa yakale. A inshulansi osauzidwa akhoza kukana kulipira pa ngozi. Funsani musanayambe, yankho likhale lolembedwa.

9. Tsopano sinthani pulogalamu

Njira zilipo ziwiri. Remap ndi kulembanso malangizo a m'kompyuta ya injini: kuchuluka kwa mafuta, nthawi yowapemerera, boost, ndi malire a torque. Njira ina ndi kabokosi kolumikizidwa pamawaya a masensa. Timabokosi totchipa timangonamiza kompyuta kuti mphamvu ya mafuta mu rail ndi yotsika, kompyutayo n'kuuza pampu ipope kwambiri. Galimoto imakokadi, koma pampu ndi ma injector zimagwira ntchito kupyola muyezo. Ine ndimakonda remap yochitidwa pa dyno pa galimoto yanuyo, osati fayilo yongokopera ku galimoto ina.

Pitani ndi pepala lanu lija. Muuzeni wosinthayo malire a torque omwe munapeza, ndipo mumufunse mafunso awa. Kodi asunga fayilo ya kufakitale n'kukupatsani? Kodi zoteteza injini, monga kudzichepetsera mphamvu ikatentha, azisiya zikugwira ntchito? Kodi angachepetse torque pa giya yoyamba, yachiwiri ndi pa low range? Kodi EGT ifika pati galimoto ili ndi katundu? Mupempheni kuti torque izikwera pang'onopang'ono m'malo mogunda mwadzidzidzi pansi pa 2000 rpm, chifukwa kugunda koteroko n'komwe kumapha klachi ndi flywheel. Akamangotchula nambala yaikulu osafunsa za giyabokosi kapena katundu yemwe mumanyamula, funani wina. Utsi wakuda ndi mafuta omwe sanapse, ndipo pamodzi nawo pamabwera kutentha. Musalole munthu akuuzeni kuti ndi chizindikiro cha mphamvu.

Turbo yaikulu ndi ma injector aakulu sindikulimbikitsa pa pikapu yantchito. Turbo yaikulu imachedwa kudzuka, choncho imakulandani torque ya pansi yomwe mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

10. Sinthani chimodzichimodzi, ndipo muziyang'anira

Mukasintha zinthu zitatu tsiku limodzi kenako galimoto n'kuyamba kuvuta, simudziwa pogwira. Sinthani chimodzi, yendani nayo masiku angapo, bwerezani mayeso a gawo 3, lembani. Mukamaliza zonse, fupikitsani nthawi yosinthira oyilo wa injini, wa giyabokosi ndi wa madifu. Mukachokera kokwera phiri kapena kothamanga mtunda wautali, isiyeni injini ilire mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse kuti oyilo aziziritse turbo.

M'miyezi yoyamba, tengani katundu yemwe mumanyamula nthawi zonse mukwere naye chitunda chomwe chinkakuvutitsani, maso ali pa mageji. Mukaona EGT ikupyola malire, rpm ikukwera yokha pa giya yapamwamba, madzi a ladiyeta akuchepa popanda podonthera, oyilo wa otomatiki wada ndi kununkha kupserera, kapena giyabokosi ikugunda posintha magiya, bwererani kwa wosintha uja akachepetse torque, ndipo musakokenso katundu wolemera mpaka chomwe chikuchititsa chitapezeka.